Masewera oyendetsa ndi thupi si moto wa mapesi

Wolemekezeka Mkonzi,

Ndiloleni, kudzera m'nyuzipepala yanu, ndiikepo mlomo pa mtsutso umene wakhalapo kwa zaka pafupifupi makumi awiri pakati pa anthu okonda masewera a pa vidiyo. Mtsutsowu ukukhudza masewera amene munthu amawongolera posuntha dzanja, mkono kapena thupi lonse m'malo mongodina mabatani. Ena amati zimenezi zinali nyambo chabe ya amalonda, moto wa mapesi umene unalilima mu 2006 n'kuzima patangopita zaka zochepa, pamene ena amati ndi luso limene linasinthiratu kaseweredwe. Ine ndayamba kusewera masewerawa ndili mnyamata, ndipo lero ndimasewera ndi ana anga, choncho nkhaniyi ili pamtima panga. Ndikuona kuti magulu awiriwa samvana chifukwa amaponya m'thumba limodzi zinthu ziwiri zosiyana: kugwedeza mkono kopanda tanthauzo kumene opanga masewera ankatikakamiza kwa kanthawi, ndi luso loti makina azimva mmene dzanja la munthu likuyendera. Choyambacho chinafa ndipo sindichilira. Chachiwiricho chili moyo, ndipo chinakhazikika kwambiri moti anthu ambiri amachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osazindikira.

Amene amanyoza lusoli sanena za m'maluwa, ali ndi mbiri imene amatsamira. Mu 1989 kampani ya Mattel inatulutsa Power Glove, golovesi imene ankati munthu akaivala adzawongolera masewera ndi chikhatho chake, koma amene anaigula anapeza kuti siimvera bwino. Mu 1993 kampani ya Sega inabweretsa Activator, chimango chimene ankachiyala pansi kuti wosewera aime pakati pake n'kumaponya zibakera ndi mateche m'malere, ndipo nachonso sichinapite patali. Zinthu zinayamba kuoneka zamutu mu 2003 pamene Sony inatulutsa EyeToy, kamera yaing'ono ya PlayStation 2 imene inkaonetsa wosewera pa TV akuphwanya zinthu ndi manja ake. Munthu amene anaona zonsezi zikubwera ndi phokoso n'kuzimirira ali ndi chifukwa chokayikira.

Koma zimene zinachitika mu Novembala 2006, pamene Nintendo inatulutsa makina a Wii, zinali zamtundu wina. Satoru Iwata, amene ankatsogolera kampaniyo nthawi imeneyo, ankadandaula poyera kuti masewera a pa vidiyo akungozungulira pakati pa anthu omwewo, popeza zowongolera zake zinali zitachuluka mabatani mpaka kuopseza munthu wongoyamba kumene. N'chifukwa chake chowongolera cha Wii anachipanga chooneka ngati rimoti ya TV, chinthu chimene aliyense m'nyumba amachigwira popanda mantha. M'kati mwake anaikamo kachipangizo kotchedwa accelerometer, kamene kamamva kugwedezeka ndi kupendekeka, ndipo kumphuno kwake anaikako kamera yaing'ono imene imaona timagetsi tosaoneka ndi maso tochokera pa kandodo koikidwa pamwamba kapena pansi pa TV. Ndi zinthu ziwiri zimenezi munthu ankatha kuloza pa sikirini ngati akuloza ndi chala, komanso kumenya mpira wa tenisi poponya mkono.

Sindidzaiwala tsiku limene mayi anga anagwira chowongolera chimenechi koyamba. Kwa zaka zambiri iwo ankaona masewerawa ngati phokoso la ana, ndipo ndikawapatsa chowongolera cha mabatani ambiri ankachibweza osachiyang'ana n'komwe. Tsikulo ana ankasewera bowling, masewera ogubuduza mpira kuti ugwetse timitengo khumi toimikidwa kumapeto kwa kanjira. Mwana wanga wamkazi, amene anali wamng'ono kwambiri nthawi imeneyo, anawamanga kachingwe kachowongoleracho padzanja n'kunena kuti, "Agogo, mufinye apa, mubweze mkono m'mbuyo, ndiye muponye n'kusiya." Malangizo onse anali omwewo. Mayi anaimirira, anakonza kaimidwe kawo ngati munthu woponya mpira weniweni, n'kuponya. Mpira unakhotera kumanzere n'kugwetsa timitengo titatu tokha. Iwo sanafunse kuti alakwitsa batani liti. Anayang'ana dzanja lawo, n'kunena kuti, "Ndapotoza mkono," ndipo ulendo wachiwiri anauwongola okha. Panthawi imeneyo ndinazindikira kuti nzeru imene iwo ankafunika kuti asewere anali nayo kale m'thupi mwawo kuyambira ali mtsikana, ndipo makinawo anangoilandira. Usiku umenewo mibadwo itatu inasewera limodzi mpaka tulo kutigwira, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'nyumba mwathu.

Zimenezi sizinachitike kwa ife tokha. Makina a Wii anagulidwa oposa 101 miliyoni padziko lonse, ndipo Wii Sports, imene m'mayiko ambiri inkabwera pamodzi ndi makinawo, inafika m'manja mwa anthu oposa 82 miliyoni. Makinawa analowa m'nyumba zosamalira okalamba ndiponso m'malo ophunzitsira odwala kuyendetsanso ziwalo, malo amene masewera a pa vidiyo anali asanapondeko. Nyambo imakopa munthu kamodzi n'kumusiya akudandaula, koma kuno anthu amene sankadziwerengera n'komwe m'gulu la osewera anapezamo chinthu chowakomera, ndipo ankabwererako.

Ngakhale zili choncho, sindibisa kuti m'zaka zotsatira munachitika zambiri zimene zinaipitsa dzina la lusoli, ndipo amene analiipitsa kwambiri ndi opanga masewera eni ake. Kachipangizo ka m'chowongolera choyamba cha Wii kankadziwa bwino kuti dzanja lagwedezeka, koma sikankadziwa bwinobwino kumene lalowera ndi mmene lazungulirira. Opanga masewera ambiri, m'malo movomereza malire amenewa, anangotenga ntchito imene batani linkagwira bwino n'kuisandutsa kugwedeza. Chitsanzo chodziwika ndi The Legend of Zelda: Twilight Princess ya mu 2006, imene inatuluka pa Wii komanso pa GameCube, makina akale a Nintendo. Pa GameCube munthu ankadina batani kuti atemere lupanga, pamene pa Wii ankagwedeza chowongolera, koma lupangalo silinkatsatira njira imene dzanja ladutsa. Kugwedezako kunali batani lomwe lija, kungoti lochedwa kumva ndiponso lotopetsa. Osewera olankhula Chingerezi anapatsa khalidweli dzina lonyoza lakuti waggle, ndipo posakhalitsa aliyense anatulukira kuti palibe chifukwa choimirira n'kuponya mkono wonse, popeza kungogwedeza pang'ono pamfundo ya dzanja uli khale pampando kunkachita zofanana. Msika unadzaza ndi timasewera topangidwa mwaliwiro, tokongola pachikuto koma topanda kanthu m'kati, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nayonso Sony inalowa m'vuto lomweli ndi gemu yotchedwa Lair ya mu 2007, imene inkakakamiza munthu kuulutsa chinjoka popendeketsa chowongolera cha PlayStation 3. Anthu anadandaula kwambiri mpaka mu 2008 opangawo anawonjezera njira yowongolera ndi kandodo ka chala, kamene kamakhala pachowongolera ndipo munthu amakakankha ndi chala chachikulu.

Nkhani imene otsutsa amaikonda kwambiri ndi ya Kinect, ndipo ndi yoyenera kuikhalira pansi. Microsoft inatulutsa kamera imeneyi mu Novembala 2010, patangopita miyezi iwiri Sony itatulutsa PlayStation Move, chowongolera chake chomva kusuntha kwa dzanja. Kinect inkaona thupi lonse la munthu ndi kutalikira kwake, moti panalibe chogwira m'manja, ndipo inagulidwa 8 miliyoni m'masiku 60 oyambirira. Koma kuchotseratu chogwira m'manja kunabweretsa mavuto amene sanathe. Munthu akasuntha, pankapita kamphindi kuti chithunzi cha pa sikirini chitsatire, ndipo m'masewera ofuna changu kamphindi kameneko n'kokwanira kuwononga chilichonse. Pankafunika malo aakulu opanda mipando patsogolo pa TV, amene mabanja ambiri alibe. Choposa zonse, panalibe njira yachidule youzira makinawo kuti "tsopano," monga mmene batani limachitira, moti ngakhale kusankha chinthu pa mndandanda kunkafuna kuimika dzanja m'malere n'kudikira. Dzanja lopanda chogwira silimvanso kanthu: munthu amamenya mpira koma chikhatho sichimuuza kuti waumenya. Pa masewera ovina Kinect inkachita bwino kwambiri, koma pa ena ambiri inkalemetsa zinthu zopepuka. Mu 2013 Microsoft inalakwitsa poika Kinect m'bokosi lililonse la makina ake atsopano a Xbox One, zimene zinakweza mtengo wa makinawo kuposa PlayStation 4, ndiponso anthu ambiri sanasangalale ndi kamera ndi maikolofoni zokhala tcheru pabalaza. Mu Juni 2014 kampaniyo inayamba kugulitsa makinawo opanda Kinect, ndipo mu Okutobala 2017 inasiyiratu kuipanga. Nayo Wii U, imene inalowa m'malo mwa Wii mu 2012, inagulidwa yosakwana 14 miliyoni. Amene anayang'ana zinthu panthawi imeneyo n'kunena kuti nkhaniyi yatha sindingawadzudzule kwambiri.

Chimene iwo sanaone n'chakuti pamene kugwedeza mikono kunkafa, kachipangizo kena kanali kulowa mwakachetechete. Dzina lake ndi gyroscope, ndipo ntchito yake ndi kuyeza mmene chinthu chikuzungulirira ndi liwiro la kuzungulirako. Nintendo inakawonjezera pa chowongolera cha Wii mu 2009 kudzera mu Wii MotionPlus, ndipo kuyambira pamenepo lupanga la pa sikirini linayamba kutsatira dzanja. Koma phindu lake lalikulu linaonekera m'malo amene ambiri sankayembekezera, pa kulunjika chinthu chimene ukufuna kulasa. Mu 2015 gemu ya Splatoon inatuluka pa Wii U yomwe ija imene inkalephera pamsika, ndipo inkalola wosewera kulunjika popendeketsa chowongolera pang'onopang'ono, kwinaku akugwiritsa ntchito kandodo ka chala potembenuka kwambiri. Poyamba ambiri ankathamangira kuzimitsa njirayi, koma amene anapirira nayo kwa masiku angapo anapeza kuti akulunjika mofulumira ndiponso molondola kuposa kale, ndipo lero akatswiri ambiri a gemuyi amasewera motero.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva munthu akachiganizira. Kandodo ka chala chachikulu sikauza makina pamene ukufuna kuloza. Kamawauza mbali yoti atembenukire ndi liwiro lake, ndipo iwe umayenera kusiya pa nthawi yeniyeni kuti usapitirire. Zili ngati kuyesa kulemba dzina lako pokankha dzanja la munthu wina. Pamene ukugwiritsa ntchito gyroscope, dzanja likasuntha pang'ono chithunzi chimasunthanso pang'ono, likaima nacho chimaima, mofanana ndi mmene mbewa ya kompyuta imachitira. N'chifukwa chake masewera ambiri owomberana a pa makina a pa TV akhala akubisa kufooka kwa kandodo pothandiza wosewera mobisa, kukokera cholinga chake kwa mdani, pamene wogwiritsa ntchito gyroscope safunikira thandizo lotere kwenikweni.

Ndinaona zimenezi ndi maso anga madzulo ena pamene mwana wanga wamwamuna ankasewera The Legend of Zelda: Breath of the Wild, imene inatuluka mu 2017 pamodzi ndi makina a Nintendo otchedwa Switch. Anakhala pampando atatsamiritsa zigongono pamaondo, thupi lili duu. Atakoka uta m'masewerawo, ndinaona manja ake akupendekeka pang'ono kwambiri, ngati munthu amene wanyamula mbale yodzaza madzi ndipo akuopa kuti angatayike, kenako muvi unakalasa pamene ankafuna. Ndinamuuza kuti akugwiritsa ntchito luso lomwe lija la Wii limene agogo ake ankaponyera mpira. Iye anakana kwamtuwagalu. "Ayi bambo, zogwedeza zija n'zakale, ine ndikungolunjika basi." Yankho limeneli linandikhutiritsa kuposa chiwerengero chilichonse cha malonda, chifukwa luso likafika poti woligwiritsa ntchito saliona, ndiye kuti lasanduka mbali ya dzanja lake. Masiku ano zowongolera za PlayStation 4 ndi PlayStation 5 zili ndi gyroscope, makina onyamula m'manja a kampani ya Valve otchedwa Steam Deck ali nayo, mafoni ambiri amakono ali nayo, ndipo mu 2022 ngakhale Fortnite, imodzi mwa magemu oseweredwa kwambiri padziko, inakonzanso mozama njira yake yolunjikira ndi gyroscope.

Palinso masewera amene sangakhalepo n'komwe popanda kusuntha thupi. Munthu akavala chipangizo cha kumaso chimene chimamuonetsa ngati walowa m'dziko la masewerawo, manja ake ayenera kulowa naye limodzi. Mu Beat Saber, imene inayamba kupezeka mu 2018, wosewera amadula timabokosi tobwera motsatira kugunda kwa nyimbo, ndipo mukachotsamo kuponya mikono simutsala kanthu. Mu Half-Life: Alyx ya mu 2020 munthu amatsegula kabati, kusuntha zitini ndi chala pofufuza zimene zili kuseri, ndi kuika zipolopolo m'mfuti ndi manja ake awiri mdani akuyandikira, ndipo mantha amene amamva manja akamanjenjemera palibe batani limene lingawabweretse. Ndikuvomereza kuti zipangizo zimenezi zidakali za anthu ochepa ndipo ena zimawachititsa chizungulire, koma zonse zimene zikuchitika kumeneko zaima pa maziko amene anthu ankati ndi nyambo.

Za masewera olimbitsa thupi ndi ovina sindichulukitsa mawu, popeza ziwerengero zikuyankhula zokha. Just Dance ya kampani ya Ubisoft inayamba mu 2009, ndipo inali ndi anthu ambiri pa Wii moti mu Novembala 2019, patapita zaka 13 makinawo atatuluka, kampaniyo inatulutsabe gemu yatsopano ya makina akalewo. Ring Fit Adventure ya mu 2019, imene munthu amasewera pofinya mkombero wolimba ndi kuthamanga pamalo amodzi, inasowa m'masitolo mu 2020 pamene mliri wa COVID-19 unatsekera anthu m'nyumba, ndipo yagulidwa yoposa 15 miliyoni. Ngakhale Kinect imene inalephera pabalaza sinafe yonse: akatswiri ofufuza za maloboti anaigwiritsa ntchito kwambiri, ndipo kampani ya PrimeSense, imene inapanga luso la kamera yoyambayo, inagulidwa ndi Apple mu 2013, zaka zinayi iPhone yozindikira nkhope ya mwini wake isanatuluke.

Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito pa gemu iliyonse yotere ndi funso limodzi: kodi kusuntha dzanjaku kukuuza makina chinthu chimene batani silingathe kunena? Batani limadziwa mawu awiri okha, inde ndi ayi. Dzanja limadziwa mbali, mphamvu, liwiro ndi kupotoka, zonse pa nthawi imodzi. Pamene mayi anga anapotoza mkono mpira n'kukhota, dzanja linanena chinthu chimene batani silikanatha. Pamene gemu ikundiuza kuti ndigwedeze chowongolera kuti chitseko chitseguke, yandivutitsa pachabe, ndipo pamenepo otsutsa amanena zoona.

Koma pali mbali ina imene ife okonda lusoli timaithawa, ndipo ndiyenera kuinena momveka. Luso lomweli limene linatsegulira khomo mayi anga limatsekera ena kunja. Ndili ndi mnzanga wa zaka zambiri amene dzanja lake lamanja linafooka pambuyo pa ngozi. Zala zake zimagwira ntchito, ndipo ndi mabatani amasewera bwino kuposa ine, koma sangathe kukweza mkono kapena kuugwedeza mwamphamvu. Tsiku lina anafika pakati pa gemu ina imene anaikonda kwambiri, atathera maola ambiri, n'kupeza malo amene sakanadutsa popanda kugwedeza chowongolera mofulumira. Panalibe njira ina. Anandipatsa chowongoleracho kuti ndimudutsitse, ndipo ngakhale sananene kanthu, nkhope yake inandiuza mmene zimapwetekera kupempha thandizo pa chinthu chimene unkachita wekha. Anthu odwala nyamakazi, onjenjemera manja, ogona pabedi chifukwa cha matenda, onsewa amakumana ndi khoma lomweli. Nintendo inasonyeza kuti vutoli lili ndi mankhwala pamene mu 2021 inatulutsanso Skyward Sword, gemu ya mu 2011 imene poyamba inkaseweredwa ndi kuponya mkono kokha, n'kuikamo njira yoyendetsera lupanga ndi kandodo ka chala. Ngati zinatheka pa gemu imene inamangidwa yonse pa kusuntha dzanja, opanga ena alibe chonamizira.

Choncho pempho langa kwa opanga masewera lili pawiri, ndipo mbali zake sizitsutsana. Asakakamize munthu aliyense kusuntha thupi pamene batani lingagwire ntchitoyo, komanso asamane amene akufuna njira yolunjikira ndi gyroscope. Pa mbali yachiwiriyi chopinga chachikulu n'chakuti zowongolera za Xbox zakhala zikutuluka zopanda gyroscope, ndipo popeza makampani ambiri amapanga gemu imodzi yoti iseweredwe pa makina onse, kawirikawiri amangotsatira chowongolera chimene chili ndi zochepa, n'kusiya kachipangizo kamene kali kale m'manja mwa osewera a PlayStation ndi Switch kakungokhala. Kwa olemba nkhani za masewera, kuphatikizapo a m'nyuzipepala yanu, ndikupempha kuti akamaunika gemu azitiuza zinthu ziwiri zimene kawirikawiri amazidumpha: ngati kusuntha dzanja kungazimitsidwe, ndiponso ngati kungayatsidwe. Mnzanga uja amafufuza yankho la funso loyambalo asanagule gemu iliyonse, ndipo mwana wanga amafufuza la lachiwirilo.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu mokhulupirika